Nzeru za ku Spain pa Staff Meeting

Nkhani iyi ndinkaibisa ngakhale kwa mkazi wanga, koma poti yafika kale kutchalitchi, bola manyazi anga muwamve kwa mwiniwake.

Ndimagwira ntchito ya care, yosamalira okalamba, pa nursing home ina ku Coolock, kunja kuno. Tsiku lina mu charity shop, sitolo ya kaunjika, ku Swords ndinagula buku lakale la Chisipanishi, lothothoka chikuto. Chisipanishicho sindichidziwa, koma wansembe wina anatiuzapo kuti alembi akale a ku Spain ankalemba mozama za kulimba mtima, khalidwe ndi khama. Ndinalowetsa mawu awiri a m'bukumo mu foni kuti indimasulire. Oyamba anatuluka "courage", enawo "work". Basi, ndinadziwa kuti ndatola nzeru zenizeni.

Kuyambira pamenepo anzanga anaona zakuda. Munthu akangodandaula za shift, ine ndinkatsegula buku, chala pamzere, n'kumamasulira za m'mutu mwanga.

"Achimwene, Chisipanishi munaphunzira liti?" anandifunsa a Nabanda, Mmalawi mnzanga wa pantchitopo.

"Chemwali, enafe timawerenga pamene ena mukuonera mafilimu."

Malo a team leader atapezeka, manager anati aliyense wowafuna alankhule pa staff meeting. Ine ndinafika nditamanga tayi, buku kukhwapa. Ndinafotokoza kuti malinga ndi chapter seven, munthu wakhalidwe sathawa ululu wa ntchito, amapirira mpaka zipatso zioneke. Ndinaonjezera modzichepetsa kuti zonse za m'chapter imeneyi ineyo ndadutsamo kangapo.

Pakona panakhala nurse watsopano, Pilar. Palibe anandiuza kuti kwawo ndi ku Spain. Anapempha bukulo mwaulemu, n'kuyamba kuwerenga. Posakhalitsa mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Sananame," anatero Pilar m'Chingelezi. "Kulimba mtima kulimo, ntchito yowawa ilimonso. Akuti uzipuma mozama, ndipo mzamba akalamula, ukankhe."

"Mzamba?" anafunsa manager.

"Ndi buku la amayi oyembekezera. Chapter seven ndi ya tsiku lobereka."

Kenako a Nabanda anandiyang'ana ndi chifundo chabodza, n'kufunsa mokweza, m'Chingelezi chabwino kuti aliyense amve:

"Pepanitu achimwene, sitinkadziwa. Mwati mwadutsamo kangapo? Ana onsewo munabereka nokha kapena anachita kukupangani operation?"

Ngakhale manager anagwira tebulo ndi kuseka. U-team leader anapatsa wina, ine anandipatsa madzi akumwa.

Musanamasulire buku la eni pagulu, yambani mwafunsa ngati eniakewo ali momwemo.