Chiponde chomwe ndinapatsa apongozi

Pali mphatso zina zoti ukapereka, umalakalaka nthaka itang'ambika ulowemo. Yanga ndinaipereka m'minibasi, anthu ali thithithi.

Ine m'mimba mwanga mulibe mtendere kwa zaka tsopano. Kupotokola, kutsegula, nthawi zina mpaka magazi. Adokotala anati matumbo anga ndi otupa, koma choyambitsa chenicheni sichidziwika bwino. "Ena akuganiza kuti mavairasi amatha kuputa chitetezo cha m'thupi, kenako icho n'kuyamba kulimbana ndi matumbo a mwini wake. Mawa mubweretse chimbudzi chanu tikayeze." Anandipatsa kabotolo koonekera mkati.

Koonekera mkati, abale! Ine munthu wamkulu, woimbitsa kwaya, ndiyende nako poyera? Ndiye m'mawa mwake, nditaikamo chimbudzicho, ndinalowetsa kabotoloko m'botolo lakale la chiponde, lija lodakali ndi chiponde m'mbali, n'kutseka zolimba, n'kuponya m'jumbo. (Apa ndinadzitama kuti nzeru ndili nazo.)

Nditakwera minibasi pa Guilleme, malo otsala anali amodzi okha, pafupi ndi apongozi anga aakazi. Kwathu kuno mkamwini sakhala mogundana ndi apongozi, koma kondakitala alibe nazo ntchito zimenezo. Anangondikankha: "Lowani bigi, tizipita!"

Mudziwe kuti apongoziwa anali nane chakukhosi. Ndikapita kwawo ndinkakana ndiwo zawo zotendera chifukwa zimandivundula m'mimba, koma za matendazo ndinkabisa. Iwo ankangoti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wonyada.

"Mwanyamula chiyani, bambo a Tadala?"

"Chiponde, amayi."

"Hoo! Kani mtedza mumadya, eti? Wa kwathu wokha ndiye umakununkhirani?"

Apa m'pamene pakamwa panga panandigulitsa. "Ayi amayi, n'chanu ichi. Ndimati ndikutumizireni."

Nkhope yawo inawala. Anawomba m'manja, nalandira ndi manja awiri, n'kuika m'dengu mwawo. "Ambuye akudalitseni. Ndikangofika, ndikathira m'phala la apongozi anu aamuna."

Kulanda sindingalande, manja a mkamwini salowa m'dengu la apongozi. Ndinayamba kupemphera kuti tayala liphulike, koma minibasi inkangothamanga ngati yatsopano. Posakhalitsa ndinamva apongozi akuti, "Kondakitala, nditsika pamtengo apo."

Ndinanong'ona, "Amayi, si chiponde chija."

"Mwati chiyani? Kwezani mawu, wailesiyi ikusokosa!"

Dalaivala, mwaulemu wake, anazimitsa wailesi.

Ndinafotokoza zonse, anthu inu. Matumbo, mavairasi, kabotolo, zonse, maso ali pansi. Nditangomaliza, mayi wina kumbuyo anaphulika ndi phwete, enanso n'kutsatira. Bambo amene anali pafupi ndi dengu anasendeza miyendo yake.

Apongozi sanaseke. Anandiyang'ana kumaso, koyamba chikwatirire mwana wawo. "Zaka zonsezi ine kumati mumanyoza mphika wanga, chonsecho mukudwala? N'kusanena bwanji?" Atatero anatembenukira kutsogolo. "Dalaivala, tiyeni, sinditsikanso. Ndikuperekeza mwana wangayu kuchipatala."

Misozi inalengeza m'maso, sindinama. Ngakhale dengulo anandisenzetsa ndekha.

Za mavairasi zija adokotala akuti akatswiri akufufuzabe, ine ndikungomwa mankhwala. Ndinaphunzirapo kuti matenda sabisa, ungadzachite manyazi oposa omwe umathawa. Masiku ano kwa apongozi amandiphikira ndiwo zangazanga. Vuto n'lakuti ndikawapatsa kaphukusi kalikonse, ngakhale pali alendo, amayamba afunsa asanalandire:

"Ichi n'chodya, bambo a Tadala, kapena n'cha adokotala?"