Chitenje cha a Nangondo pa Nyumba Yosamangidwa

Kumudzi kwa akazi anga, chakufupi ndi Domwe, kuli mayi wina amene mpaka lero akandiona ndikubwera amapatukira m'munda. Sindinawatukwanepo, sindinawakhudzepo ngakhale ndi chala. Ndinangojambula chitenje chawo chili pachingwe, ndipo nkhani imeneyo inandidyera chitengwa.

Ndiyambire pa kompyuta. Ine ndine pulofesolo wa desenyo, kapena kuti mphunzitsi wa zojambula, pa sikola ina ku Ulongwe. Chaka chimenecho ndinagula laputopu yakale kwa mkulu wina wa pa Kalomwe (batire lake linafa kalekale, moti magetsi akangophethira nayonso imatsinzina). Ndinali nditaona pa foni anthu akumanga nyumba m'kompyuta, nyumba yoti ukhoza kuizungulira, kuiona kumaso ndi kuseri, kenako makina n'kuitulutsa ngati chithunzi chojambula ndi kamera. Pulogalamu yake ndi yaulere. Mawu akuti "yaulere" amenewo ndi amene anandikola.

Chiyambi chinali chomvetsa chisoni. Kapu yoyamba imene ndinaumba m'kompyutamo inatuluka ngati chipewa cha katekista. Mpando unali ndi miyendo inayi ndithu, koma umodzi unkayandama m'malere. Patapita miyezi itatu ndinayamba kumanga makoma oongoka, ndipo ndinadziyesa mmisiri. Vuto linali potulutsa chithunzi chomaliza, ntchito imene ine ndimaitcha kuphika. Laputopu ija inkalira ngati chigayo, n'kutentha moti ndinkaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Chithunzi chimodzi chinkapsa maola asanu ndi awiri.

Pali chinanso. Kuti khoma lioneke ngati khoma lenileni, umaliveka chithunzi cha njerwa zenizeni. Denga nalo umaliveka chithunzi cha malata. Zithunzi zoterezi zilipo pa intaneti, koma zimadya mega ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Choncho ndinaphunzira nzeru ya amphawi, yojambula ndekha ndi foni chilichonse chimene ndakumana nacho: njerwa za kutchalitchi, malata a pamsika, dothi lofiira la pamsewu. Ndinazolowera kuimirira paliponse n'kuloza foni pa katundu wa eni ake osapempha.

Nthawi imeneyo n'kuti ndatha zaka zinayi ndili pachikamwini. Lolemba lililonse ndinkakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Ulongwe, Lachisanu n'kubwerera kumudzi kwa mkazi wanga Lusiya. Ndinkafunitsitsa kumutenga kuti tikakhale limodzi kutauni. Ankhoswe anga anali atakapempha kale chitengwa, ndipo amalume ake a Lusiya anayankha kuti iwo alibe mawu, koma timve kaye kwa mayi ake a mwana. Ndiye kuti zonse zinali m'manja mwa apongozi anga aakazi, munthu amene mwa mwambo sindikhala naye pafupi, sindimuyang'ana kumaso, ndipo sindilankhula naye mwachindunji.

Chaka chomwecho apongozi aamuna, a Zuze, anagulitsa bwino kachewere n'kuyamba kukamba zomanga nyumba ya njerwa zootcha. Ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Ndinati ndiwamangira nyumbayo m'kompyuta, aione ndi maso isanamangidwe, adziwe kuti mwana wawo akupita ndi munthu wamutu.

Ndinaikapo mtima wonse. Khonde lalikulu, mawindo anayi, chitseko chobiriwira. Pambali pa khonde ndinamatapo chithunzi cha njinga yamoto ya a Zuze, kuti asakayike kuti nyumbayo ndi yawo. Kenako ndinakumbukira langizo la ophunzitsa a pa intaneti, lakuti pachithunzi cha nyumba uziikapo munthu, kuti woona adziwe kutalika kwa chitseko. Kuumba munthu sindinkatha. Ndinafufuza wopangidwa kale, ndipo waulere amene mega anga anakwanitsa kukoka anali mtsikana wachizungu wovala kadiresi kolekeza m'ntchafu.

Banja la a Zuze ndi la ku mishoni, lopemphera kolona madzulo alionse. Sindikanawapatsa chithunzi cha munthu wa maondo pamtunda. Ndinamutembenuza mtsikanayo kuti apereke msana, azioneka ngati akulowa m'nyumba. Ndinamudetsa khungu, ndinamumanga duku, n'kumukulunga chitenje mpaka m'mapazi. Chinatsala ndi maluwa a chitenjecho basi.

Loweruka lina ndikudutsa kuseri kwa nyumba ya a Nangondo, mayi wamasiye wokhala patsidya pa njira, ndinaona chitenje chili pachingwe, chotambasuka bwino, dzuwa likuchiwomba mofanana ponseponse. Chinali chachikasu, cha maluwa ofiira akuluakulu. Ndinajambula n'kumapita. (Zoti chitenjecho anachigula ku Tete, ndipo m'mudzi monse munalibe china chofanana nacho, aliyense ankadziwa kupatula ine.)

Chithunzi chinapsa bwino kwambiri. Ndinakachitsukitsa pa malo ojambulira ku Ulongwe, n'kuchiika m'galasi. Lamulungu titachoka ku Misa, ndinamupatsa Lusiya kuti akapereke, ine n'kukhala pamalo anga a masiku onse, patali pafupi ndi nkhokwe, nkhope nditalozetsa kumbali.

A Zuze anachilandira n'kuseka mokondwa.

"Ee, aPulofesolo! Malata ake ngati enieni! Mpaka njinga yanga ili pomwepo!"

Anachipereka kwa akazi awo. Iwo anachiyang'anitsitsa. Ine ndinkaganiza kuti akusirira kukongola kwa khonde.

"Lusiya," anatero apongozi aakazi, "afunse amuna ako. Nyumba iyi ndi ya yani?"

"Akuti nyumbayi ndi ya yani?" anabwereza Lusiya, ngakhale ndinali nditamva ndekha.

"Uwauze kuti ndi yawo, imene bambo akufuna kumanga."

"Nanga uyu akulowa osaodirayu n'ndani?"

"Uwauze kuti si munthu ameneyo. Ndi muyeso chabe, woonetsa kutalika kwa chitseko."

"Muyeso wovala chitenje cha Nangondo?"

A Zuze analanda chithunzi chija n'kuchiyandikiza kumaso. Kuseka kuja kunathera panjira.

"Mayi," anatero kwa akazi awo, "ine sindikudziwapo kanthu. Ndachiona lero lomwe ngati inuyo."

Ndikanakhala ndi laputopu ndikanawaonetsa kuti mkaziyo ndi chigoba chopanda kanthu m'kati. Koma laputopu inali ku Ulongwe pa njerwa zake, ndipo ngakhale ndikanabwera nayo, pakhomo pamenepo panalibe magetsi oidzutsira. Ndinayamba kufotokoza ndi pakamwa, kudzera mwa Lusiya, kuti zonsezo n'zopanga, nyumbayo kulibe, mkaziyonso kulibe.

Apongozi aakazi si munthu wopusa, ndipo apa ndi pamene ndinadziwira.

"Zoti n'zopanga ndamva. Ndinaonapo pa foni yako mbuzi ikuyendetsa galimoto. Koma chopanga chimakhala ndi wochiitanitsa. Mmisiri saboola zenera pamene mwini nyumba sananene. Amene anati pakhomo panga paime Nangondo n'ndani?"

Atatero anatembenukira kwa amuna awo. A Zuze anandiyang'ana ndi maso a mbuzi yomangidwa pa njinga. Mwamuna wa zaka makumi asanu ndi limodzi, woimba kwaya, anali pafupi kusenza mlandu wa mitala chifukwa cha ine. Ndinamva chisoni, ndipo ndinachita chimene ndinkayesa kuti n'chaulemu.

"Uwauze kuti bambo asawaganizire. Palibe anandituma. Chitenjecho ndinakajambula ndekha."

Lusiya sanapereke uthenga umenewu. Anatembenuka thupi lonse n'kundiyang'ana.

"Munakajambula liti?"

"Loweruka lija."

"Kuti?"

"Pachingwe. Kuseri kwa nyumba yawo."

"Inuyo mumakatani kuseri kwa nyumba ya a Nangondo?"

Pa mayankho onse amene munthu wophunzira akanapereka, ine ndinasankha loona.

"Kumeneko kunkawala bwino."

A Zuze, mlandu utawachoka, ananyamuka kuti akaone ng'ombe zimene zinali zisanawaitane. Apongozi aakazi anavundikira chithunzi chija pamphasa. Lusiya analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo madzi osamba ndinatunga ndekha.

Pofika Lachitatu nkhani inali itafika pachigayo ndi pamjigo. A Nangondo anapita kwa ankhoswe anga akulira, kufunsa kuti analakwanji kuti aziikidwa m'makomo mwa amuna a eni ake iwo ali kudimba. Ndinakapepesa nditanyamula nkhuku. Nkhukuyo analandira, koma chitenje chija sanachivalenso, ndipo kunena zoona chimenechi chimandipweteka, chifukwa mayiwo analibe mlandu uliwonse.

Kuchotsa mkazi uja m'kompyuta kunatenga kamphindi, kudina batani limodzi. Kuphikanso chithunzi kunatenga masiku awiri, poti magetsi anathima kawiri chili pakati. Chatsopanocho apongozi anachilandira, amisiri anachitsatira, ndipo nyumbayo inamangidwa ndi chitseko chake chobiriwira. Njerwa zake ndinaumba ndine tchuthi chonse, popanda wondiuza. Lusiya anandikhululukira pang'onopang'ono, ngakhale mpaka pano foni yanga amaiyendera ngati woyang'anira mayeso.

Yankho la chitengwa linabwera nyumba itafoleredwa. Amalume ake a Lusiya anandiitanira pansi pa mtengo wa pichesi, n'kulankhula akuyang'ana pansi.

"Achemwali akuti ntchito yanu aiona, ndipo manja muli nawo. Koma akuti munthu wotha kuimika mkazi pakhomo pamene palibe mkazi, mwana wawo asapite naye kutali. Muyambe mwakhala pompano, azikuonani."

Chaka chino n'chachisanu ndi chiwiri ndikukwera shapa ya Lolemba. Laputopu ikadali pa njerwa zake, ndipo anthu a ku Ulongwe ayamba kubwera kuti ndiwajambulire nyumba zawo zisanamangidwe. Foni ndimalozabe pa makoma a eni ake, chizolowezi sichikutha, kungoti ndikaona chingwe cha zovala ndimaibweza m'thumba. Ena amadandaula kuti nyumba zanga zimaoneka zozizira, pakhonde popanda ngakhale munthu mmodzi. Ndimawauza kuti eni ake ali kudimba.