IPv6 ya ku Thambani ndi Switchi ya a Yusufu

Lolemba
Abwana aimba kuchokera ku Blantyre: "Maadiresi atsopano a intaneti aja, IPv6, afike ku Thambani pofika Lachisanu masana. Zikatheka tikulemba ntchito yokhazikika." Ine amene! Zaka ziwiri za uganyu, kwatha! Tayi ndagula kale.

Lachiwiri
Nkhani yake njosavuta. Marauta, timabokosi tolondolera intaneti njira, apakati pa netiweki yathu IPv6 saidziwa, amangowerenga lebulo basi. Ndiye ndiimata lebulo, idutse ngati thumba la mbatata pa minibasi: kondakitala amaona dzina, satsegula.
Zofunika:
rauta ya pa Boma
rauta ya ku Thambani, imene timasungitsa m'golosale ya a Yusufu
mutu wangawu!
Amayi ndawafotokozera zonse. Akuti, "Bola usagwe pa mlongoti."

Lachitatu
Ndalakwitsa mzere umodzi ndili pa Boma, rauta ya ku Thambani yangoti zii. Ndadzitsekera kunja ndekha! Pikapu, kenako kabaza, fumbi mpaka m'makutu. Ndakonza. A Yusufu andipatsa tiyi, akuti, "Kabokosi kanuka sikagona, eti?"

Lachinayi
YADUTSA! Boma mpaka Thambani, kupita ndi kubwera, osapunthwa! Ndikuvina ndekha mu ofesi. Zimene ndasinthazi sindinaseve kuti rauta izizikumbukira ikazima, ndiseva mawa abwana akaona. Chinthu chikamayenda bwino sitichigwiragwira.

Lachisanu
Tayi pakhosi. 12 koloko abwana ayamba kuyesa. Zii. Ndikuimbira a Yusufu, foni yozima. Mayo ine! Lachisanu masana amatseka golosale kupita ku mzikiti, ndipo potuluka amathimitsa switchi yaikulu. Ndakhala ndikuzidziwa zaka ziwiri zonsezi! 2 koloko ayatsa. Rauta yadzuka itaiwala zonse, poti sindinaseve. Abwana adula foni osatsanzika. Ndikufuna kulira.

Loweruka
Uthenga wa abwana: "Za ntchito ija tidzaona chaka chamawa." Ndalembanso zonse, ndaseva katatu. Ikuyenda ngati madzi, koma woonera palibe. A Yusufu akuti, "Mukanangonena, achimwene, ndikanasiya choyaka." Zoonadi. Malebulo ndinamata paliponse, kupatula pa switchi.

Lamulungu
Tayi ndavalira ku tchalitchi, isawonongeke. Kani amayi anauza kale a kwaya onse kuti ndakwezedwa. Aliyense akundigwira chanza: "Mwapambana, bwana!" Ndikungoti zikomo, zikomo. Mawa ndikuyambiranso ganyu. Ndadula kale kapepala kokamata ku Thambani: MUSAZIMITSE, CHONDE.