Ndinalowa M'maliro Ndikuliza Belu

Mpaka lero ndikamadutsa kwa Mlonyeni ndimayenda chowerama ngati ndataya singano. Anthu a kumeneko sandida ayi, koma akangondiona amayamba kumwetulira ndisanawapatse n'komwe moni, ndipo ine ndimadziwa chimene akumbukira. Ndiye bola ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakaimva kwa iwo nkhaniyi idzakhala itathiridwa kale mchere ndi tsabola.

Ndine kalaliki pa Mchinji Boma, ndipo ku ntchito ndimapita pa njinga yanga yakapalasa. Akazi anga, mayi a Chisomo, kwawo ndi kwa Mlonyeni. Chikwatirane panali patatha zaka zisanu ndi zinayi, koma kuchipongozi kuja ndinali ndisanamvepo munthu akunditchula kuti mkamwini wawo. Ndinali "a ku Boma" basi. (Chifukwa chake ndikuchidziwa: sindinalimeko ngakhale mzere umodzi, mkazi ndinangomutenga ulendo wa ku Boma.) Ndinkanamizira kusalabadira, koma kunena zoona zinkandipweteka.

Amene ankandikonda anali mmodzi yekha, a Tembo, malume a akazi anga. Munthu wa njinga ameneyo. Fodya, mtedza, nkhuku, malata a nyumba yawo, zonse zinayenda pa kaliyala yawo. Akazi awo, a Naphiri, amati ngakhale ulendo wokachira mwana woyamba anawapalasa pa njinga yomweyo mpaka ku chipatala cha pa Boma.

Ulendo wanga womaliza kukawaona ndinapita ndi nzeru zatsopano. Mnzanga wa ku ofesi anali atanditumizira kanema wa galimoto yoyenda yokha, mpando wa dalaivala uli mbee, chiwongolero chikungotembenuka chokha. Ndinawaonetsa pa foni, anthu ena atatizungulira.

"Malume, njinga zatha ntchito," ndinatero. "Posachedwa muzidzangoitana galimoto pa foni, iyo n'kubwera yokha kudzakutengani pakhomo."

Anaonera kawiri, n'kundibwezera foni ndi manja awiri. "Koma azungu! Nanga ikapeza masamba pamsewu, amatsika ndani?"

Amanena za nthambi zija timayala pamsewu mbali zonse ziwiri za mudzi pakagwa maliro. Wa galimoto amayenda pang'onopang'ono, wa njinga amatsika, kuvula chipewa, n'kumakankha njinga yake mpaka atadutsa masamba achiwiri.

"Imeneyo ili ndi makamera, malume, imaona chilichonse."

"Kuona iziona. Koma makamerawo amavula chipewa?"

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti a ku Boma akuti kukubwera galimoto yopanda munthu.

Mwezi wa Julaye a Tembo anatisiya. Mayi a Chisomo ananyamuka tsiku lomwelo pa kabaza, ine n'kutsala kuti ndikagayitse chimanga ndibwere m'mawa mwake. Chisoni ndinali nacho chenicheni, koma ndisakunamizeni, mumtima munalinso kapulani. Ndinati apa ndiye aona kuti a ku Boma mwambo amaudziwa. Jekete lakuda, chipewa, nsapato zopolisha, thumba la ufa lodzaza pa kaliyala. Ndikatsika njinga masamba akadali patali, chipewa pachifuwa, n'kulowa m'mudzi mwaulemu mpaka apongozi anga agwedeze mutu.

Chimene sindinakuuzeni ndi mabuleki. Bambo wokonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika anali atandichenjeza kale kuti mphira za mabuleki zatheratu. Ine, katswiri wa zam'tsogolo, ndinamuyankha kuti palibe chifukwa chovekera nsapato zatsopano chinthu choti chikupita kotayidwa. Pa Boma sizinkandivuta, ndinkangokwekwesa phazi pansi njinga n'kuima. Ndinaiwala kuti mudzi wa akazi anga uli kumunsi kwa chitunda, msewu wake wolunjika kudambo, ndiponso kuti thumba la ufa lili ndi maganizo akeake.

Nditafika pamwamba pa chitunda ndinayamba kumva nyimbo za amayi a kwaya. Masamba ndinawaona bwinobwino. Ndinati nthawi yakwana, n'kufinya mabuleki.

Zitsulo zinangoti kwee, njinga n'kuwonjezera liwiro.

Ndinafinyanso, manja onse awiri, mano ali gwa. Palibe. Ndinatsitsa phazi kuti ndikwekwese, koma nsapato za ku ofesi pa msewu wafumbi zimangotsetsereka. Ndinakumbukira anyamata a kabaza amene amaponda tayala lakutsogolo ndi phazi. Ndinayesa. Tayala linalandira nsapato yakumanja n'kuiponya m'munda mwa eni ake, ine n'kutsala ndi sokosi (yobooka pachala chachikulu, poti ndinkati ndani angaione).

Masamba oyamba ndinawadutsa ngati mphepo. Apa m'pamene mutu unandisokonekera. M'malo moganiza zopulumutsa moyo, ndinaganiza za chipewa. Ndinati kutsika kwandikanika, koma chipewa chokha ndivule. Ndinachotsa dzanja limodzi pa handulo, njinga inayamba kuvina, thumba kumbuyo likuyankhira. Chipewa ndinavuladi, n'kuchiluma ndi mano kuti dzanja libwerere pamalo pake.

Kutsogolo amayi atatu ankadutsa msewu, ndowa za madzi zili pamutu. Abale anga, pamaliro saliza belu, ngakhale mwana amadziwa. Koma ndikanatani? Ngili ngili ngili! Amayi aja anabalalika, madzi ali khavu. Ndinafuna kufuula kuti pepani, koma pakamwa panali chipewa, kotero chimene chinatuluka ndi kubuula ngati ng'ombe.

Ndinadutsa pamaso pa azibambo amene anakhala mu chigafa cha fodya. Ndinadutsa pakhomo pa siwa, pomwe panagona malemu. Ndinaona abusa atatsegula Baibulo, pakamwa pali yasa. Ndinaonanso apongozi anga aakazi, amene zaka zonsezi timapatukirana panjira mwaulemu, ndipo tsiku limenelo ndinawadutsa pafupi moti mphepo yanga inawakupizira chitenje. Mulungu si Jemusi, kuseri kwa khola kunali mulu wa mapesi. Ndinalowamo ndi mutu, thumba n'kundipeza pamsana, msoko wake n'kuphulika.

Nyimbo inaduka pakati. Mudzi wonse unangoti zii, kumangomveka tayala lakumbuyo likuzungulirabe.

Ndinatuluka m'mapesi ndili mbuu, jekete lakuda lija litasanduka loyera, nsapato imodzi, chipewa chikadali kukamwa. Woyamba kuyankhula anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja amene pamaliro amaloledwa kunena chilichonse.

"Anthuni, musathawe! Yafika ija ankanena a ku Bomayi. Galimoto yoyenda yokha!"

Wina mu chigafa anayesa kubisa phwete ndi chitsokomolo, koma zinakanika. Anthu anaseka mogwira pakamwa, mapewa okha akugwedezeka. Amene sanaseke ndi mayi a Chisomo. Anabwera, n'kundichotsa chipewa kukamwa, n'kunena motsitsa mawu, "Bambo a Chisomo, pa anthu onsewa, mwasankha maliro a malume anga?" Misozi inali m'maso. Kugwa kuja sikunandipweteke ngati mawu amenewa.

Adzukulu sanachedwe kuweruza. Njinga anaimangirira pa mtengo ndi luzi, ati ingathawenso. Mlandu wodutsa masamba ndili pachishalo, tambala mmodzi. Mlandu wa belu, tambala wina. Za amayi a madzi aja anati tikambirana bwino.

"Koma poti mwafika mothamanga chonchi, ndiye kuti ntchito mukuifuna," anatero mkulu uja, akundipatsa khasu. "Tiyeni kumanda, achimwene. Kumeneko kulibe chitunda."

Ndinapita, phazi lina lili m'sokosi. Dothi la mu Julaye n'louma ngati njerwa, ndipo manja anga anazolowera cholembera. Pasanathe ola matuza anali atatuluka n'kuphulika. Adzukulu ankandiseka, koma ndinakana kutuluka m'dzenjemo mpaka anachita kundikoka. Ndinkakumba ndikulira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalira manyazi kapena a Tembo, munthu yekhayo amene akanandiseka tsiku limenelo ine n'kumva bwino. Kanali koyamba kugwira khasu m'mudzi wa akazi anga.

Chichitikireni zimenezo ndimaopa tsamba lililonse. Tsiku lina pa msewu wopita kwa Zulu ndinaona nthambi pamsewu, ndinatsika msanga, chipewa pachifuwa, nkhope yachisoni. Ndinakankha njinga mtunda wonsewo mpaka ndinapeza lole yowonongeka, dalaivala ali pansi pake ndi sipanala. Anasuzumira n'kundifunsa, "Bwana, mukulira injini kapena?"

Koma kuchipongozi ndinali ndisanapondekonso. Atambala ndinachita kutumiza. Ndinkati kumeneko dzina langa linathera m'mapesi.

Patatha mwezi ndi theka, mayi a Chisomo anapita kukazonda a Naphiri, ndipo pobwera anandipatsa kanthu kokulunga m'kansalu, komanga mfundo ziwiri. Nditamasula ndinapeza mphira zinayi za mabuleki, zogwirako ntchito pang'ono, fumbi lofiira likadali m'mizere yake.

"Amasula pa njinga ya malume," anatero akazi anga. "Akuti masiku onse a maliro aja, nthawi imene anamva mtima kupepuka ndi pamene munadutsa ndi belu, chifukwa anaganiza mmene malume akanasekera. Ndiye akuti, 'Kampatse mkamwini wathuyo. Eni ake afika kale kumene ankapita, koma iyeyo tikumufunabe wamoyo.'"

"Anati kampatse ndani?"

"Mwamva bwinobwino, musandivutitse."

Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali timphira tija tili m'manja. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkayesa kulowa m'banja lija ndi jekete ndi nzeru za pa foni, osadziwa kuti khomo lake linali khasu. Loweruka lotsatira ndinamangitsa mabuleki aja n'kupalasa ulendo wa kwa Mlonyeni kukathokoza. Pamwamba pa chitunda ndinatsikabe n'kuyamba kukankha, ngakhale kunalibe maliro. A Naphiri anandionera patali, n'kufuula mudzi wonse ukumva, "Kwerani, amwene! Mabuleki amenewo ndi a malume anu, sanagwetsepo munthu!"