Kachipeŵa ka pa W

Lolemba

Ndili kulaibulale yaikulu ya m'tauni. Aphunzitsi a kalasi yathu ya zolembalemba atituma tidzaone nyuzipepala za m'nthaŵi ya Mfumukazi Vikitoriya. Koma abale! Anthu aja analibe chisoni. Munthu waimba lero, maŵa nyuzipepala yamusenda: mawu, zovala, ngakhale kaimidwe. Buku latsopano, chithunzi chojambula pamanja, zonse akuzipima. Ndipo pansi pa nkhani palibe dzina la wolemba. Palibe!

Zaka khumi ndi chimodzi ndikutembenuza odwala pabedi mu Toronto muno, palibe ananditchulapo kuti mlembi. Sabata ino zisintha. Dzulo kwaya yathu ya Amalaŵi ndi a ku Zambia inaimba muholo ya tchalitchi ku Scarborough. Ndilemba za iyo ngati akatswiri akale aja.

Lachiŵiri

Malamulo amene ndatola:
1. Sulemba "ine", umalemba "ife".
2. Uyambe watamanda holo ndi nyali, kenako ubaye.
3. Dzina ayi.

Kavuto kamodzi: amene anaimba okha nyimbo yomaliza ndi apongozi anga, mayi a mkazi wanga. Abwera kudzacheza miyezi isanu ndi umodzi, akugona chipinda choyandikana ndi chathu. Koma "ife" sitiopa munthu.

Ndalemba kuti mawu awo ananyamuka bwino, koma pokwera anatikumbutsa mabuleki a sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka ija, ikamaloŵa pasiteshoni. Ndaŵerenga kasanu. Zokoma! Ndikulemba uku ndikudya chigumu chimene iwo omwewo aphika. Manyazi alipo, koma pang'ono.

Lachitatu

Ndatsegula imelo yatsopano, ndatumiza nkhani ija kwa alembi a bungwe lathu la Amalaŵi ndi a ku Zambia. Pansi ndasaina kuti "Womvera Wina". Aiponya pagulu la pafoni masana.

Zii.

Pabasi ndatsegula foni mwina ka makumi aŵiri. Munthu mmodzi yekha wayankha: "Amen." Ameneyo sanaŵerenge.

Lachinayi

Kwaphulika! Foni ikungonjenjemera m'thumba la yunifolomu.

"Chichewa chakechi n'chozama, anthuni."
"Zamabulekizo ndafa nazo!"
"Ameneyu sukulu anapita."

Ndabisala m'chipinda chosungira matawulo kuti ndimwetulire bwinobwino. Agogo ena amene ndimaŵasambitsa afunsa ngati ndakwezedwa pantchito. Ndangoti inde.

Kenako wina walemba: "Awa ndi a Zulu basi."

A Zulu? Aja ogwira ntchito kufamase kogulitsa mankhwala, ovala sikafu ngakhale kukutentha?

Lachisanu

A Zulu sanakane. Angoponya kachithunzi ka nkhope yogwira chala pakamwa. Munthu wa ku Lusaka, wa "nifuna, niyenda", akanalemba Chicheŵa chimene chija? Apampando aŵapempha kuti azilemba za nyimbo ndi mabuku mwezi ndi mwezi m'kanyuzipepala ka bungwe. Iwo ati aganizira kaye. Aganizira!

Zikundiŵaŵa, sindinama. Njira zilipo ziŵiri:
Kuulula, anthu adziŵe kuti mlembi ndine, apongozi adziŵenso kuti wamabuleki ndine.
Kukhala chete, a Zulu adye ulemu wanga.

Akatswiri akale aja ankabisa dzina, inde, koma sindikhulupirira kuti ankadyera tebulo limodzi ndi woimbayo.

Loŵeruka

Ndayesa kupalasa pang'ono. Mkazi wanga akupinda zovala, ine ndikuti wolemba nkhani ija ali ndi luso, ndipo sangakhale a Zulu.

Sanatukule n'komwe mutu. "Bambo a Tadala, mu Canada monse muno ndani wina amaveka w kachipewa pamwamba? Ngakhale mukanditumizira uthenga woti ndigule mkaka mawa, chipewa chimakhalapo."

Ndatsegula nkhani ija. Malaŵi. Nthaŵi. Ikamaloŵa. Zipeŵa mbwee, ngati paukwati! Ndabisa dzina, ndasintha imelo, koma kachipeŵa kamene anandiphunzitsa aphunzitsi a Sitandade 3 ndi ndodo, ndakasiya poyera.

Ndafunsa motsitsa mawu ngati amayi akudziŵa.

"Maso awo ndi ofooka, ndiye ndinawawerengera Lachitatu lomwelo. Atafunsa kuti walemba ndani, ndikananama?"

Kuyambira Lachitatu! Ndipo tsiku lililonse akhala akundipatsa moni mwaulemu, akundifunsa ngati ndagwira bwino ntchito.

Lamlungu

Tabwera kutchalitchi. Pakhomo anthu anazungulira a Zulu, kuwagwira chanza. Ine ndinapinda mipando.

Kunyumba apongozi andipatsa foni ndi manja awiri. "Apongozi, tatiwerengereni nkhani ya a Zulu ija. Inu mumawerenga bwino."

Ndawerenga, thukuta kamukamu. Pofika pamalo paja ndati mawu awo anatikumbutsa mbalame za m'mawa.

"Iyayi, pamenepo pali mabuleki. Bwererani."

Ndabwerera. Mabuleki, sabuwe, siteshoni, zonse, ndi pakamwa panga, pamaso pawo. Agwedeza mutu pang'onopang'ono.

"A Zulu amatha kulemba. Inunso, apongozi, mumapita kusukulu ya zimenezi eti? Muziwafunsako nzeru."

Ndati zikomo, ndidzawafunsa.

Tiyi wabwera. Aliyense mbale yake ili ndi chigumu, yanga ili ndi buledi wouma. Ndadya. Mawa ndili ndi shifiti ya m'mamawa, ndipo w wanga kuyambira lero aziyenda wopanda chipewa.