Wokabayitsa Rozinya pika wasowa

Lolemba

Chibayo. Chikamubwerera Rozinya ine kulibe, adzafera kumsana kwa munthu, anthu akufunsana kuti mwini mwana ndani. Ndicho chandigwiritsa kaneta ndi pepala lero, ine amene chisiyireni shikola ndimangolemba dzina langa.

Amayi awagoneka kuchipatala chachikulu ku Tete. Pakufunika wowadikirira, ndipo mwana wamkazi ndine ndekha. Kumeneko makanda sagona nawo. Loweruka ndikwera chapa, kaminibasi kaja, Rozinya atsala ndi apongozi. Phala amadya, wayamba kuima atagwira mpando. Koma chifuwa chakecho! Kuzizira kwa Junyu yemweyu kudamugwetsa kale, adachira ndi pika, singano ya ku posito, kachipatala kathu kakang'ono.

Zimene ndikupempha n'zochepa:
akatentha thupi, ku posito tsiku lomwelo
aenfermera, anamwino aja, akati pika, pika
akati soro, madzi olowetsa mumtsempha, soro
zotemera ayi, zopaka paliwombo ayi

Ndawauza apongozi akusenda mbatatesi. Sadadzutse n'komwe mutu. "Mwana wa eni sindingamubayitse singano. Akakomokera pomwepo ndikayankha chiyani?"

Wa eni! Mdzukulu wawo, wotenga mphuno yawo yomwe!

Akufuna mawu a mwana wawo, bambo a Rozinya. Chabwino. Mawa.

Lachiwiri

Ndili pachulu cha kuseri kwa khola, poti rede ya foni imagwira pokhapo. Bambo a Rozinya ali ku Moatize, pa ugwarda, kulondera za eni. Foni ikudukaduka. Zimene ndatolapo:
"...amayi akudziwa..."
"...usandiike m'mavuto iwe..."
"...malowolo sindidamalize, kafunse atsibweni ako..."
Kenaka kredito yatha.

Eti malowolo! Pomupatsa dzina la agogo awo, malowolo sadawakumbuke. Pa ubatizo adavala kazako, jekete lawo lija, n'kuima kutsogolo ngati ndiwo adamva kuwawa. Lero kapika kamodzi, mwana wasanduka wa kwathu.

Apongozi ndawauza kuti mwana wawo sadakane. Akuti, "Ndimve ndi khutu langa." Khutu lawolo pachulu silikwera. Akuti maondo.

Lachitatu

Ulendo wa ku Lifidzi kwa atsibweni, wapansi, mwana kumsana, mphepo ikucheka makutu. Atsibweni, alongo awo a amayi, ndawapeza akupuntha nyemba. Andimvetsera bwinobwino, andipatsa mbatata yootcha, Rozinya amunyamula n'kumuvinitsa. Ndati apa zatheka.

Kenaka: "Ukadakwatiwa kwa Achewa anzathu ndikadalamula lero lomwe, mbumba ndi yanga. Koma udapita kwa Angoni, ndipo mbuzi yawo tidadya. Ndikatsegula pakamwa ine adzati ndikulanda mwana."

Ndiye kwawo akuti ndi wa kwathu, kwathu akuti ndi wa kwawo. Amene adamubereka palibe akumufunsa. Ine ndidangomusenza miyezi yonse ija ngati thumba la eni lopita kuchigayo!

Pobwerera wayetsemula. Ndamuwonjezera kapulana, chitenje chachiwiri. Wayetsemulanso. Ndafulumira naye mpaka pakhomo.

Lachinayi

Ku posito, kukafunsa eni singano. Bicha, mzere wa anthu, mpaka panja pa mpanda. Aenfermera andiyang'ana ngati ndafunsa ngati mchere umawawa.

"Mayi, aliyense wobwera ndi mwana wodwala ife timamulandira. Atenge kartau ya mwana ya kusikelo, adziwe kuti wayamba liti. Zikakula tidzakufunani pafoni. Lembani numero yanu pakartaupo."

Basi! Zokhazo! Ndalemba yanga, ndalemba ya bambo ake, ndabwera nditanyamula nkhaniyo ngati dzira.

Apongozi: "Aenfermera si a pamudzi pano. Pamaliro sadzabwera kudzandiyankhira."

Pamaliro! Mwana ali pompo akuluma chitsononkho, iwo afika kale pamaliro, mwina ndi nyimbo asankha.

Ndatchula akumadre a ku Fonte Boa, amene adamugwira Rozinya pa ubatizo. Ali ndi njinga, posito saiopa. Ndangoti mwina atsale ndi iwo. Apongozi asamba m'manja chakudya chili pakati.

"Ndiye kuti ine ndine mfiti?"

Chiyambire pamenepo akulankhula ndi nkhuku zokha, ndipo zimene akuziuza nkhukuzo ndi za ine.

Lachisanu

Lero ndaitana mboni. Akatekista abwera, alamu anga aakulu abwera ndi foni yawo yolankhula mokweza. Ndaphika tiyi, shuga wanga yense wathera momwemo.

Tonse pachulu. Apongozi akwera! Maondo achira poti pali anthu. Bambo a Rozinya atamva kuti akatekista ali pompo mawu awo asintha, akulankhula ngati akuwerenga m'tchalitchi: "Mwana akadwala, amayi apite naye ku posito."

Apongozi atembenuka. "Mwamva nonse? Akadwala."

"Tamva."

Ndatsika pachulupo. Zatheka! Apongozi ndawapatsa:
kartau, m'pulasitiki
ufa wa phala ndi nsinjiro
chipewa chaubweya
kabulangete kofiira, kamene akakasowa sagona

Ndayamba kuwasonyeza mmene chibayo chimayambira: kupuma msangamsanga, nthiti kulowa mkati. Andidula. "Ndalera ana odzaza khonde lino. Iwe wa mmodzi undiphunzitse?"

Ndati zikomo amayi. Wopempha sakalipa.

Loweruka

Chapa. Nkhuku ya munthu pamapazi, thumba la kabichi la munthu pamaondo, mabere akuwawa. Potsazikana Rozinya sadalire. Ndalira ndine, mpaka kobrador wotolera ndalama wandifunsa ngati ndikupita kumaliro. Nayenso maliro!

Tete kutentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Amayi afooka kuposa mmene adandiuzira. Sangadzuke okha. Kuwatembenuza ndi ine, kuwamwetsa ndi ine, beseni ndi ine.

Mawu awo oyamba: "Mwana wamusiya ndi yani?" Ndawauza. Atseka maso. Bola akadanditukwana.

Ndaimbira alamu. "Ali bwinobwino, kungoti phala akukana."

Kungoti!

Lamulungu

Akumadre andiimbira atatuluka mu misa. Adzera dala kunyumba. Rozinya thupi moto, akupuma ngati kambuzi kothamangitsidwa ndi agalu. M'khosi amumanga kachingwe katsopano, m'nkhama amupaka zakuda.

Ndati apatseni foni apongozi. Mawu awo ozizira ngati madzi a mumtsuko:

"Mwana wanga adati akadwala. Mudamva nonse. Uyu sakudwala, ndi mano akumera. Mano si matenda."

Mano! Makomo onse ndidatseka, ndidaiwala mano!

Ndakuwa pafoni mpaka odwala anzawo a amayi adzuka. Ndati akumadre, mutengeni, mlandu ndidzasenza ine. Apongozi ayankha ndikumva: "Inu dzina lanu silidatchulidwe pachulu." Alamu apita kumpira. Bambo ake foni yazima. Akatekista akuti iwo adachitira umboni matenda, za mano alibe nazo mawu.

Akumadre akulira nawo. Akuti mwana ali kumsana kwa agogo ake, mfundo ya kapulana ili pachifuwa pawo, akakoka amuthyola mkono. Ndawauza akhale pakhondepo, asachoke, njinga ikhale chiimire.

Ndagonja. Palibe chilolezo chimene chingamasule mfundo imeneyo. Woimasula ndi manja anga okha, anditche wamwano mpaka kufa. Koma manja omwewa ndi amene akuchirikiza mutu wa amayi kuti amwe madzi. Ndikawasiya, awagwira ndani?

Atsala ndi achimwene Domingo, obadwa nawo anga, onyamula katundu panjinga pa boda ya Kalomwe. Ndawatumizira mensaje, ndikulembanso pano mawu omwewo.

Achimwene, tsitsani matumba a eniwo pomwepo. Musandiuze kuti kudikirira odwala ndi kwa akazi, amayiwa bere lawo mudayamba kuyamwa ndinu. Musafunse akazi anu, musafunse atsibweni, musafunse aliyense. Kwerani chilichonse chopita ku Tete, ngakhale lole ya mbatatesi, mudzagwire kapu iyi ine ndithamange. Rozinya akupuma ndi nthiti. Bwerani lero, achimwene. Bwerani tsopano lino.