A Dokotala a Inki ndi Printa Yawo Yamwano

Printa ikayamba kulira yokha pakati pa usiku, ine m'nyumba mwanga kuseri kwa khoma mtima unkangoti phwii, kuganiza kuti mwana wanga wabanikanso. Kenako ndinkamva a Dokotala akukalipa m'shopu mwawo: "Gona iwe! Ukufuna kuimbira foni makolo ako kuti undinenere?"

Udokotala wawo unali wa inki. Munthu sanam'bayepo. Ankabaya makatiriji, timabokosi ta inki tija, ndi jakisoni wamkulu ngati wa ng'ombe, atavala khoti loyera lomwe linasiya kuyera ine ndisanabadwe.

Printayo inali yonyada. Eni ake oipanga anailangiza kuti izimwa inki yawo yokha, ija yokwera mtengo ngati muli golide. Ukaipatsa ina, inkalemba pagalasi kuti siikuidziwa.

"Sukuidziwa?" ankatero a Dokotala. "Nanga dzulo unamwa chiyani, iwe mfiti?"

Ankamatula kachitsulo ka pa katiriji yakale n'kukamata ndi selotepi pa yatsopano. "Ndaibwereka chitupa cha mkulu wake. Ilowa."

Inkalowadi.

Intaneti ankailetsa ngati mmene bambo amaletsera mwana wamkazi kudansi. "Ikakacheza ndi akwawo, ibwerako ndi mwano."

Ine ndinkawafuna mwezi uliwonse. Mwana wanga ali ndi vuto la mtima. Zotsatira za kupimidwa kwake amanditumizira pafoni, koma pawindo la chipatala amati, "Mayi, foni si pepala." Popanda pepala, bwererani.

Tsiku lina printa inakana, basi ili pafupi kunyamuka.

"Akuti yachikasu yatha," anatero a Dokotala.

"Koma kalatayo ndi yakuda yokhayokha, bambo!"

"Uiuze iyeyo, mwanawe. Ili ngati mlamu wanga, sapita kumaliro popanda tayi."

Ndinayamba kulira. Iwo anatunga madzi a m'kapu yawo ndi jakisoni uja, n'kubaya katiriji yachikasu. "Imwa, bwana, yachokera kwanu." Pepala linatuluka. Anandiponyera m'manja likutentha. "Thamanga. Ukalirire m'basi."

A Dokotala anamwalira mwezi watha, ali pampando, jakisoni ali m'thumba. Osambitsa thupi anapala zala zija mpaka sopo kutha, buluu wa inki osachoka. Anapita naye.

Maliro atangotha, mkamwini wawo, munthu wa masukulu ake, anati printa ndi yotsalira, n'kuilumikiza ku intaneti. Inalira nthawi yaitali. Ndinadikira mawu aja kuseri kwa khoma. Zii. Kutacha inakana katiriji iliyonse, ya chitupa ndi yopanda chitupa. Yacheza ndi akwawo. Mkamwini akuti imeneyo ndiyo timati chitukuko.

Shopu tsopano ndi yaukhondo, moti ntchentche ikalowa imachita manyazi. Palibe wotukwana makina. Anthu amasuzumira pakhomo n'kupitirira.

Kuchipatala ndi Lachinayi. Dzulo akazi a malemu Dokotala anandikodola, n'kundilowetsa kuchipinda. Pansi pa bedi panali printa ina yakale, yofunditsidwa bulangete.

"Iyi za intaneti sinazimvepo," ananong'oneza. "Malemu anati ndisamuonetse mkamwini. Koma manja angawa amanjenjemera."

Anandipatsa jakisoni uja. Ine amene ndimatsinzina mwana akamabayidwa kusikelo.

Ndamuyang'ana mwana akupuma, ndayang'ana jakisoni. Mawa m'mawa ndibaya katiriji. Printayo ikati siikuidziwa inkiyo, mawu oiyankha ndinawamva kale kuseri kwa khoma.